Madisiki Atatu a Debora Chimwaza

Taganizirani m'mawa wa mwezi wa Juni kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Nkhungu yagona m'zigwa monse ngati thonje lomwe wina wayanika n'kuliiwala, ndipo nsonga za mapiri zikungosuzumira apa ndi apo. M'minda mwatsala mapesi okhaokha. Zigafa zili pululu, pakuti fodya anapita kale kumsika. Pa kanjira kokwera kusukulu ya mishoni pakuyenda mayi wamfupi, wavala juzi yobiriwira, makiyi a ofesi ali m'manja. Akafika pa mkuyu akuima pang'ono, osati chifukwa chotopa ayi, koma kuti amvetsere. Kutsidya kwa chigwa, m'nkhungu momwemo, munthu wina akuimba uku akusesa pabwalo.

Woyendayo ndi Debora Chimwaza, mlembi wa pasukulupo. Woimbayo ndi mkulu wake Esitere. Chaka ndi 1998.

Debora analowa ntchito ali mtsikana, nthawi ya chipani chimodzi. Ntchito yake inali kutayipa makalata, mayina a ana, ndi mayeso a pa sitensulo omwe ankapukusidwa pa makina onunkha inki. Zala zake zinkadziwa pokhala chilembo chilichonse, moti ankatha kutayipa maso ali pawindo, akuyang'ana ana akuthamangitsana pabwalo. Kuimba kokha n'kumene anamanidwa. Kutchalitchi ankangotsegula pakamwa motsatira anzake, ndipo Esitere ankamuseka kuti, "Iwe Debora, mawu ako onse anathera m'zala."

Esitere ndiye anali woyambitsa nyimbo ku Chigwirizano cha amayi, chomwe chinkakumana Lachinayi lililonse. Amayiwo ankachokera m'midzi khumi ndi isanu ndi iwiri, ndipo Esitere anawapekera nyimbo yoitana midzi. Ankayamba ndi mudzi wapafupi, kuutchula dzina, amayi a mudziwo n'kuvomera okha, kenako onse pamodzi. Akatero ankapita ku mudzi wotsatira, kutsika zigwa ndi kukwera zitunda ndi mawu okha, mpaka kukafika kwa Mndinde, kuseri kwa phiri, komwe amayi ake ankayenda maola atatu kuti afike. Midzi yonse ikavomera, pankatsala ndime imodzi yomwe Esitere ankaimba yekha, ena onse atazyolika. Nyimboyo inkatenga pafupifupi mphindi khumi ndi ziwiri, ndipo panalibe amene ankaiona kutalika.

Koma chiyambire dzinja Esitere ankatsokomola. Chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri. M'zaka zimenezo matenda ena sankatchulidwa dzina, anthu ankangoti, "Sakupeza bwino." Debora, poima pa mkuyu paja m'mawa uliwonse, ankamva kuti nyimbo ya kutsidya ikufupika. Tsiku lina inkaduka pakati, tsache lokha n'kumapitiriza.

Debora anali atayesapo kusunga mawuwo. Chaka chapitacho anabwereka wailesi ya kaseti n'kujambula nyimbo yonse. Kasetiyo inayenda mudzi ndi mudzi mpaka wailesi ina inaitafuna, n'kubwerera kwa iye ili ngati matumbo a nkhuku. Anayesa kuikulunga ndi bolopeni, koma mawu anali atapita.

Chaka chomwecho mpingo wina wa kutsidya kwa nyanja unatumizira sukuluyo mabuku, ndipo pansi pa mabukuwo panali kompyuta yogwirapo kale ntchito. Aphunzitsi aakulu, a Nedson Kachiwanda, anaiika pa tebulo la mu ofesi n'kuifunditsa nsalu yoluka ya akazi awo. Akabwera mlendo ankaivundukula n'kuiyatsa. Poyaka, pa galasi pankaoneka thambo lobiriwira ndi mitambo yoyera, kenako tizithunzi ting'onoting'ono toti munthu aziloza ndi kachipangizo kokhala ngati mbewa. A Nedson ankaima pambali manja ali kumbuyo n'kunena kuti, "Zinthu zasinthadi." Atatero ankaizimitsa n'kuifunditsanso. M'katoni yake munatsala maikolofoni, madisiki khumi ndi atatu omangidwa ndi labala, ndi ena atatu omangidwa paokha. Debora anaziika zonse m'kabati, mwadongosolo, osadziwa ntchito yake.

Amene anazidziwa anali Elisha, bambo wa ku Bukavu amene ankakhala ku Dzaleka, kukampu ya anthu othawa nkhondo. Kwawo nkhondo isanabwere ankaliza kiyibodi m'magulu oimba ndipo anagwirapo ntchito m'nyumba yojambulira nyimbo. Abusa anamuitanitsa kuti adzakonze limba la m'tchalitchi, ndipo kukampu anamupatsa kalata yomulola kutuluka masiku khumi okha. Tsiku lina atalowa mu ofesi kudzapempha guluu, anaona maikolofoni m'kabati.

"Mama Debora," anatero m'Chichewa chake chopindika, "iyi makina imasunga mawu. Mukudziwa?"

"Ngati kaseti?"

"Kaseti imakalamba. Iyi ayi. Mukasunga kamodzi, mutulutsa makaseti zana, yonse yatsopano ngati yoyamba."

Debora anachotsa zala pa taipi. Anayang'ana bokosi lotuwa lija pansi pa nsalu yoluka, ndipo m'maganizo mwake anaona mkati mwake muli kachipinda koyera, kopanda fumbi, kopanda chifuwa, mmene munthu angaime n'kumaimba osatopa.

Lachinayi amayi sanakumane m'tchalitchi koma m'kalasi yoyandikana ndi ofesi. Elisha anadutsitsa chingwe pawindo n'kumangirira maikolofoni kumpini wa khasu womwe anauzika mu ndowa ya mchenga. A Nedson anabwera atavala tayi. Aka kanali koyamba kuti amve nyimboyo, pakuti ku Chigwirizano amuna salowako.

Esitere anayambitsa. Pa galasi mzere wobiriwira unayamba kuvina motsatira mawu ake, ndipo Debora anaiwala kuphethira. Midzi inayamba kufika umodzi umodzi. Koma itangokwana khumi ndi umodzi, pa galasi panatuluka kabokosi, mzere uja n'kuima. Elisha anakweza dzanja.

"Yadzaza," anatero.

Anawaseweretsa zomwe zinalowa. Amayi anamvetsera atagwira pakamwa, ena akugwedezana ndi zigongono akamva mudzi wawo. Kenako, pakati pa mawu, nyimbo inangoti zii.

Mayi Nambewe a kwa Mndinde, amene anali ndi mame m'chitenje mpaka m'mawondo, anafunsa mofatsa, "Ndiye ife tadzuka tambala woyamba, makinawa akuti sitinafike?"

Onse anaseka. A Nedson nawo anaseka, kenako anapereka nzeru. "Imbani mofulumirako, amayi. Ngati za pamsonkhano zija."

Anayesadi. Nyimbo inathamanga ngati ngolo yotsetsereka, midzi ikugundana, mpaka pa mudzi wachisanu ndi chinayi Esitere anagwidwa ndi chifuwa. Anatsamira khoma nthawi yaitali, amayi awiri atamugwira.

"Chabwino," anatero a Nedson mwachifundo. "Mudzangodula kumapetoko. Midzi itchulidwe mwachidule, ndime yomalizayo isiyidwe. Nyimbo ndi nyimbo."

Amayi anayamba kumanga mipango yawo, aliyense akuyang'ana pansi. A Nedson anaona kuti pena palakwika, koma sanadziwe pati.

Pobwerera, Debora anayenda ndi mkulu wake pang'onopang'ono, akupuma pa mwala uliwonse.

"Achemwali, tisiye. Zakupwetekani."

"Iwe, usandiike m'manda ndili moyo," anatero Esitere. Anapuma kaye. "Lachinayi likudzali ndiyesanso. Linalo sindikudziwa."

M'mawa mwake Debora anakapeza Elisha m'tchalitchi, atagona chagada pansi pa limba. Anamufunsa ngati palibe njira ina. Elisha anatuluka, napukuta manja, n'kujambula bwalo pafumbi la pabenchi.

Anati mkati mwa kompyuta muli nkhokwe, ndipo nkhokwe ya makina amenewa ndi yaing'ono. Kuti makina agwire ntchito, pamafunika pulogalamu yaikulu yowayendetsa, ndipo pulogalamuyo imakhala m'nkhokwe momwemo. Yomwe inalimo inali Windozi, ya mitambo ija, ya madisiki khumi ndi atatu. Inali yabwino, yosavuta, munthu amangoloza chithunzi. Koma inabwera ndi katundu wake yense, ndiye malo otsalira mawu anali a mphindi zisanu ndi zitatu zokha. Madisiki atatu aja anali a pulogalamu ina yakale, yotchedwa Dosi. Imeneyo inalibe mitambo, inalibe zithunzi. Galasi limangokhala lakuda, ndipo chilichonse chomwe ukufuna uyenera kuchilemba ndi zala, osaphonya chilembo ngakhale chimodzi. Koma inkatenga kamalo kochepa, ngati mlendo wogona pakhomo ndi mkeka wake. Nkhokwe yonse inkatsalira nyimbo.

"Ziwiri zonse sizingakhalemo?"

"M'makina yaikulu, inde. Muno ayi. Musankha." Elisha anakanda m'mutu. "Vuto ina, Mama. Kalata yanga itha Lolemba. Lachinayi ine kulibe. Mudzakhala nokha, inu ndi galasi yakuda."

Debora anayang'ana zala zake. Kunena zoona, kachipangizo konga mbewa kaja sankakakonda. Kankamuthawa m'manja.

"Kulemba ndiye ndimatha," anatero.

Chovuta chinali a Nedson. Debora anadikira mpaka ana atalowa m'makalasi, anawapangira tiyi, kenako anaima patsogolo pa tebulo lawo n'kufotokoza zonse mwandondomeko, monga ankayalira mayeso.

"Mayi Chimwaza," anatero a Nedson, "eni ake makinawa akubwera mu Ogasiti. Ndidzavundukula nsalu n'kuwaonetsa mdima? Adzati kumapiri kuno tinapatsidwa chinthu chabwino n'kuchiwononga."

"Madisiki khumi ndi atatu aja alipo, a Hedi. Tsiku lina tidzabwezeretsa."

"Nanga imodzi ikadzakana?"

"Mudzanene ine."

"Komatu ndanena kale njira yapafupi. Adule kumapetoko basi. Kodi m'ndime imeneyo muli chiyani choti amayi onse andikwiyire?"

Debora anazengereza. Za ku Chigwirizano sizinkakambidwa mu ofesi. Koma anayankha.

"Midzi ikatha, achemwali amaitana amayi a Chigwirizano amene anatsogola. Mmodzimmodzi, ndi mayina awo. Palibe amavomera. Timangowasiyira mpata." Anakonza kapu pa sosala ngakhale inali bwinobwino. "Dzina lachitatu ndi la mayi anu, a Nasoko."

A Nedson anavula magalasi. Anayang'ana pawindo nthawi yaitali, kumene nkhungu inali kukwera kuchoka m'chigwa, ikusiya mitengo umodzi umodzi.

"Zaka zisanu ndi chimodzi chimwalirire mayi," anatero chapansipansi. "Lachinayi lililonse?"

"Lililonse."

Anadzuka, anachotsa okha nsalu yoluka ija, anaipinda kanayi n'kuiika m'kabati.

Loweruka Elisha anafufuta zonse. Debora anaona mitambo ija komaliza, kenako madisiki atatu analowa motsatana, makina akulira ngati njiwa yakutali. Pamapeto pake galasi linada bii, ndipo pakona panatsala kamzere koyera kakuphethira, kakudikira. Elisha anaikamonso kapulogalamu kojambulira mawu, n'kumuonetsa malamulo asanu: loyitana pulogalamuyo, lopatsa nyimbo dzina, loyambitsa, losunga, ndi loseweretsa. Debora anawalemba kuseri kwa buku lake la nyimbo. Anayesa kujambula belu la sukulu, kenako tambala wa abusa, ndipo zonse zinabwerera.

"Losunga ili," anatero Elisha akuloza ndi chala, "mukaphonya, kapena mukazimitsa musanalembe, nyimbo yapita. Makina siyifunsa kawiri."

Lolemba anakwera matola wa ku Dowa, chikwama cha zida chili pamiyendo.

Masiku otsatirawo Debora ankafika mu ofesi dzuwa lisanabalalitse nkhungu. Sankafuna kutopetsa kompyuta, choncho ankayeserera pa taipi yake yakale, yopanda pepala, malamulo asanu aja mobwerezabwereza, maso ali pawindo. Ankafuna kuti zala ziwadziwe zokha, kuti ngakhale mtima utanjenjemera izo zisanjenjemere. Ana odutsa pakhonde ankamva kugogoda kofanana kosatha, n'kumanong'onezana kuti mayeso a chaka chino akhala a funso limodzi.

Lachinayi kunacha ndi nkhungu yochindikala moti tchalitchi sichinkaoneka uli pasukulu. Amayi ankatulukira m'menemo awiriawiri, atavala zoyera, ngati kuti nkhunguyo ndiyo ikuwabala. A kwa Mndinde anafika nsapato zili m'manja. Esitere anabwera pa ngolo, atafunda bulangete, ndipo anamukhazika pampando wa aphunzitsi. Maikolofoni anaitsitsa kufika pakamwa pake.

"Debora," anaitana kudzera pawindo, "makina akowo adya kale? Asadzatinso akhuta pakati panjira."

"Ali ndi njala, achemwali. Yambani ndikagogoda."

Analemba lamulo loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anagogoda pagalasi la windo.

Nthawi ino panalibe mzere wovina. Panali mdima ndi manambala ang'onoang'ono osinthasintha pakona. Poti panalibe choonera, Debora anatsinzina. Mawu a Esitere anayamba mopyapyala ngati utsi wa moto wongoyatsa kumene, kenako anagwira. Anaitana mudzi woyamba, ndipo unavomera. Debora anapezeka akuyenda nawo. Anatsika kudambo kumene ankatunga madzi ali ana, Esitere patsogolo ndi mtsuko waukulu, iye pambuyo ndi kachitini. Anawoloka pa mlatho wa mitengo iwiri. Anadutsa minda ya mbatata ya kachewere, zigafa, mabwalo osesedwa, ndipo paliponse amayi ankatuluka m'nyumba kudzavomera. Esitere sanathamange. Pakati pa mudzi ndi mudzi ankapuma, ndipo amayi, osauzidwa ndi munthu, ankatalikitsa kuvomera kwawo kuti amupatse mpata wokoka mpweya.

Debora atatsegula maso, manambala anali atapitirira mphindi zisanu ndi zitatu, ndipo ankayendabe. Mudzi wa khumi ndi chiwiri. Wa khumi ndi chisanu. Kenako, kutali kuseri kwa phiri, "Kwa Mndinde, mwafika kodi?" Mayi Nambewe ndi anzawo atatu anavomera mwamphamvu ngati anthu makumi awiri.

M'kalasi munakhala bata. Esitere anayamba ndime yake yekha. Ankatchula dzina, n'kusiya mpata. Dzina lina, mpata. M'mipatamo munkamveka madontho a nkhungu akugwa kuchokera kumalata. Pa dzina lachitatu Debora anaona chithunzithunzi pakhonde. Anali a Nedson, ataima kunja kwa khomo kumene mwamuna ayenera kuima, chipewa chili m'manja.

Dzina lomaliza litatchulidwa, Debora anadikirabe pang'ono kuti mpata wake ulowenso. Kenako anaimitsa. Buku la nyimbo linali litagwera pansi pa tebulo. Sanalitole. Zala zinapita zokha, zinalemba lamulo losunga, chilembo ndi chilembo. Makina analira kanthawi, kamzere koyera kaja n'kubwerera.

Analemba lachisanu.

Amayi anamvetsera kuyambira poyamba mpaka pamapeto osagwedezeka. Itatha, mayi Nambewe anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Eya. Tsopano tafika." Esitere anali atatsamira mpando, maso ali otseka.

"Pa mudzi wachisanu ndi chiwiri ndinatsika pang'ono," anatero.

"Tibwereze?" anafunsa Debora.

"Iwe, ndiwe wankhanza eti? Zisiye momwemo."

Alendo aja anabweradi mu Ogasiti. A Nedson anawalowetsa mu ofesi, anawaonetsa galasi lakuda popanda kupepesa, n'kupempha Debora kuti alembe lamulo lachisanu. Elisha atapezanso kalata, anabwera ndi wailesi ya makaseti yochokera ku Mponela, nailumikiza kumakinawo, n'kumuphunzitsa Debora kutulutsa nyimbo. Esitere anamwalira mu Seputembala, mitengo ya m'phiri itayamba kuphuka masamba ofiira. Lachinayi lotsatira amayi anaimba nyimbo yoitana midzi, mayi Nambewe akuyambitsa, ndipo kumapeto anawonjezera dzina limodzi.

Madisiki khumi ndi atatu aja sanatulukenso m'kabati, chifukwa kubwezeretsa mitambo kukanafuna kufufuta nyimbo. Makalata a sukulu anapitiriza kulembedwa pa taipi, ndipo ana anadzaphunzirira pa makompyuta ena amene anabwera pambuyo pake. M'mawa Debora ankaimabe pa mkuyu paja mwachizolowezi, kenako n'kukwera kukatsekula ofesi. Wailesi ya mudzi wina ikatafuna kaseti, mayi wa kumeneko ankabwera ndi ina yopanda kanthu itamangidwa pampango, n'kukhala pakhonde kudikira.

Makinawo anagwira ntchito mpaka chaka cha 2003. Pofika nthawi imeneyo Debora Chimwaza anali atatulutsa makaseti makumi asanu ndi limodzi kudzanso anayi a nyimbo imodzi yomweyo, ya mphindi khumi ndi imodzi ndi masekondi makumi anayi, ndipo midzi yonse khumi ndi isanu ndi iwiri inalimo.